A Kasambeni a ku Lisasadzi

Loweruka lapitali tinali ku Lisasadzi kukamanga chiliza cha amalume anga, poti chaka chakwana chitisiyireni. Simenti isanaume, mmisiri anafunsa dzina loti alembe, ndipo tinamuuza la ubatizo: Gilibati Mwale. Analemba bwinobwino ndi msomali. Koma ena mwa anthu amene anabwera kudzatithandiza atawerenga anayamba kuyang'anana. Mmodzi anafunsa monong'ona kuti kodi Gilibati ameneyu ndiye ndaninso. Mnzake anamugunda ndi chigongono. "Si a Kasambeni omwewa!" Tonse tinaseka, pamanda pomwepo, kenaka aliyense anayang'ana pansi.

Dzinali anawapatsa ndi anthu a m'mudzi ndipo iwo sanalikane. Linachokera ku moni wawo. M'nyengo yothyola fodya, ukakumana nawo ukuchokera kumunda, malaya atanyowa ndi mame, manja ali bii ndi phula la masamba, sankayamba ndi kufunsa za kunyumba. Ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kukuuza kuti ukasambe kaye, zinazo mukambirana bwino. Sankasankha munthu. Anawauzapo abusa. Kwa apongozi awo, poti sakanatha kuwauza maso ndi maso, anatumiza mawuwo kudzera mwa akazi awo. Ankati fodya wonyowa sadikira kuti umusute, amadzilowera yekha pakhungu, ndipo chizungulire ndi nseru zimene othyola fodya amamva akaweruka si malungo ayi, si kulodzedwanso, koma fodya amene waswera pathupi tsiku lonse. Ena ankawakhulupirira. Ambiri ankangoti aa, a Kasambeni ayambapo.

Pa unyamata wawo anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala china cha mishoni, ku wodi ya amuna. Sanali dokotala, ndipo ankakwiya munthu akawatchula choncho. Yawo inali kukolopa, kutaya zonyansa ndi kusambitsa odwala amene sankatha kudzuka. Atabwerera kumudzi anakhala mlimi ngati wina aliyense, wa chimanga, mtedza ndi fodya wokwana chigafa chimodzi. Koma maso a ku wodi aja anabwera nawo. Ankatha kuona mphere pakati pa zala za mwana ali patali, mayi wake asanazindikire n'komwe.

Amene sankawadziwa bwino ankaganiza kuti amalume ankafuna munthu azingokhalira m'madzi. Sizinali choncho. Ukawafunsa kuti munthu ayenera kusamba kangati, ankayamba akufunsa kaye kuti waswera kuti, wagwira chiyani, ndipo kunja kwacha bwanji. Wothyola fodya kapena wopopera mankhwala ku nazale asambe akangoweruka, thupi lonse, ndi sopo, zovalazo achape pazokha. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, kawiri si kulakwa ngati madzi alipo. Ana oswera m'fumbi asagone osasamba. Koma mu Juni, mphepo ya kudambo ikamaluma, ankaletsa kukokera nkhalamba ku bafa tsiku ndi tsiku. Ankati khungu la munthu wamkulu lili ngati tsamba la fodya louma, ukaligwira mwankhanza limang'ambika. Woteroyo asambe thupi lonse pakapita masiku awiri kapena atatu, ndi madzi ofunda, padzuwa. Koma nkhope, m'khwapa, malo obisika ndi mapazi, zimenezo zinalibe tchuthi kwa wina aliyense. Madzi akachepa, kapu ziwiri ndi kansalu zinkakwana.

Mwana wawo Esinati atabwera kuchokera ku tauni ndi sopo wonunkhira, ankasamba katatu pa tsiku, kudzikhula ndi chinkhupule mpaka khungu kuchita mbuu, n'kumadandaula kuti madzi a kumudzi akumuyabwa. Tonse tinkati bambo ake amuyamikira. Iwo anamubisira chinkhupulecho m'denga la nkhokwe sabata yathunthu. Anamuuza kuti thupi si mphika wopserera woti uzilikwecha, lili ndi mafuta akeake, ndipo amene akulimbana nalo choncho sakuchotsa litsiro koma akudzisenda. Esinati ananyanyala masiku awiri. Kuyabwako kunatha.

Amene anavutika nawo kwambiri anali akazi awo, a Nabanda. Mjigo wa kwathu uli patali, kutsidya kwa dambo, ndipo ndowa iliyonse imene amalume ankalamula inkabwera pamutu pa munthu. A Nabanda ankauza amayi anzawo kuti iwo anakwatiwa ndi bakha. Zitafika povuta, amalume anayamba kumangirira zigubu pa njinga n'kumakatunga okha, kuima pamzere pakati pa amayi, chipewa chili kumutu. Amuna anzawo ankawaseka pa bawo kuti adyetsedwa mankhwala. Iwo ankangoyankha kuti amene akusamba kwambiri pa nyumba ndi amene ayenera kuidziwa njira ya ku mjigo.

Mkangano umene unakhalitsa unali wa a Chirwa, mkulu wa mpingo mnzawo. Pa ukwati wina, beseni la madzi osamba m'manja linayamba kuzungulira monga mwa nthawi zonse, kuyambira kwa akuluakulu. Litafika pa amalume, munthu wachisanu ndi chitatu, anayang'anamo n'kulibweza. Anapempha jagi, n'kuyamba kuthirira aliyense madzi pamanja, beseni lili pansi kulandira otayikawo.

"Ndiye kuti manja athuwa ndi onyansa, a Mwale?" anafunsa a Chirwa, amene anali oyamba kusamba.

"Anu ayera, a Chirwa, poti munayamba ndinu," anatero amalume. "Nanga womaliza uyu asamba chiyani? Asamba inu, asamba ine, asamba tonsefe."

Anthu anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunawapweteka a Chirwa. Anthu awiriwo anatha dzinja lonse akukhala benchi imodzi m'tchalitchi osapatsana moni. Sindikudziwa kuti anagwirizana liti. Ndinangoona tsiku lina pa maliro ena, a Chirwa atanyamula jagi, akukalipira achinyamata kuti asiye kuviika manja m'beseni, ngati nzeruzo anabadwa nazo. Amalume anandiyang'ana n'kuika chala pakamwa.

Chaka chawo chomaliza miyendo inawakana. Munthu amene anasambitsa amuna osawerengeka anakana kwamtuwagalu kuti wina amusambitse. Masiku anayi anadzipukuta yekha pa mphasa ndi kansalu, akugwa, akudzuka. Lachisanu a Nabanda ananditumizira uthenga. Nditafika ndinapeza madzi atafunda kale, ndowa ziwiri, zimene mayi wokalambayo anatunga yekha.

"Iwe Fanuwelo, wabwera kudzatani?" anandifunsa, atatembenukira kukhoma.

"Ndabwera kudzakuonani, amalume."

"Bodza. Ndamva ndowa." Kenaka anati, "Yesa madziwo ndi chigongono, osati ndi dzanja. Dzanja lako ndi la khasu, silimva kanthu."

Anandilangiza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, maso ali chitsinzinire, ngati akuphunzitsa munthu watsopano pa ntchito. Koma zambiri ndinali ndikuzidziwa kale. Ndinaziona zaka zingapo m'mbuyomo, tsiku limene ndimafotokozera aliyense wofuna kudziwa kuti amalume anga anali munthu wotani.

Zinali m'zaka za makuponi a feteleza wotsika mtengo. Zaka ziwiri zotsatizana dzina la amalume silinatuluke, ndipo munda wawo unali utatopa. Chaka chachitatu linatuluka. Kwathu kuno lamulo linali lakuti tsiku logawa, mwini dzina akhalepo yekha pa bwalo la sukulu. Akaitanidwa osayankha, kuponi inkapita kwa wina mwa ambiri amene ankadikira. A Nabanda anawasitira jekete dzulo lake. M'mawa ine ndinabwera ndi njinga kuti ndiwakweze.

Tisanafike pa mphambano, mayi wina anatiimitsa. Anali wa pa esiteti ya fodya yoyandikana ndi mudzi wathu, mmodzi mwa matenanti ochokera kummwera amene amalimira eni esiteti. Anagwada m'mbali mwa njira.

"Pepani bambo, ndinu a Kasambeni?"

"Ena amatero."

"Kuli munthu kwathuku, a Dinesi, a ku Phalombe. Akazi awo anamwalira chaka chatha, ana alibe kuno. Agona milungu itatu osadzuka. Ife timangowaikira phala pakhomo, koma tsopano salitenganso. M'nyumbamo simukuloweka, bambo. Amuna onse akuti matenda amenewa ndi oopsa, sangawagwire. Ine ndine mkazi wa mwini, sindingasambitse mwamuna. Koma usiku wathawu ndamva akulira ngati mwana."

Ine ndinati tipite kaye kusukulu, tibwerera masana. Amalume anafunsa mayiyo ngati munthuyo akumwa madzi. Anayankha kuti kuyambira dzana sakudziwa. Anafunsanso ngati kuli ntchentche. Mayiyo anangoyang'ana pansi.

Amalume anatsika pa njinga. Anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino, n'kundipatsa.

"Pita kunyumba ukatenge zigubu ziwiri, sopo, lumo ndi chitenje chakale. Azakhali ako akakufunsa, uwauze zoona."

"Amalume, kuponi."

"Ndamva. Thamanga."

A Nabanda sanandifunse kanthu. Ataona jekete lili m'manja mwanga, anakhala pansi pa khonde n'kugwira mutu.

Nyumba ya a Dinesi inali kakhumbi ka udzu kumapeto kwa mzere, pafupi ndi zigafa. Fungo linandipeza ndisanatsike pa njinga. Amalume anali atatsegula kale chitseko, atasonkha moto panja, ndipo anali atakhala pansi m'katimo akumwetsa wodwalayo madzi ndi supuni. Nditalowa n'kuona mmene munthuyo analili, mafupa okhaokha, ndevu zitapotana, atagona mu zonyansa zake zomwe, ndinatembenuka msanga. Ndinathawira panja n'kusanza kuseri kwa chigafa. Amalume ananditsatira.

"Palibe cholakwa, nanenso tsiku loyamba ndinatero," anatero motsitsa mawu. "Puma. Koma ukamalowanso, nkhope imeneyo uisiye kunja kuno. Munthuyu maso ake akuona."

Tinamunyamula n'kumugoneka pa thumba loyera kuseri kwa nyumba, pamene panali kadzuwa koma popanda mphepo. Matenanti ena anaima patali kumaonerera. Amalume anawapempha mwaulemu kuti atembenuke, ndipo anatembenuka. Kenaka anagwada n'kunena kuti, "A Dinesi, ine ndine Mwale, wa m'mudzi uno. Ndikupempha kuti ndikusambitseni. Mundilola?"

Munthuyo anayesa kubisa nkhope ndi dzanja. "Ndikununkha, bambo."

"Ndi thupi limenelo, si inu. Mundilola?"

Anagwedeza mutu movomera.

Anayamba ndi nkhope, madzi okhaokha opanda sopo, kupukuta maso kuchokera m'kati kupita kunja. Thupi lonse linali lofundidwa chitenje. Ankangovundukula pamene akusambitsa, akamaliza n'kuumitsa, n'kufunditsanso. Dzanja limodzi, kenaka linzake. Chifuwa. Madzi akada ankandiuza nditaye ndibweretse ena. Nthawi yonseyi ankalankhula naye, kumufunsa za ku Phalombe, ngati nandolo amachita bwino kumeneko, ngati phiri lalikulu la kumeneko limaonekadi pafupi monga amanenera anthu. A Dinesi poyamba ankayankha ndi mutu, kenaka ndi mawu amodziamodzi. Pa chiuno panali zilonda ziwiri za kugona, ndipo ntchentche zinali zitayamba kale ntchito yake. Pamenepo amalume anasiya kulankhula. Anatsuka pang'onopang'ono ndi madzi owiritsa a mchere, milomo atailuma, kwinaku ine nditagwira manja a wodwalayo.

Kutali, kumbali ya sukulu, tinkamva phokoso la anthu ndi mawu a munthu woitana maina, ngakhale mainawo sankamveka. Ine ndinkatchera khutu. Amalume ankameta ndevu.

Atamaliza anamuwenga zikhadabo, n'kumuveka malaya awo a m'kati, iwo n'kutsala ndi shati yokha. Mphasa yakale ndi udzu wogonera tinazitentha. A Dinesi anakweza manja awo n'kumawayang'ana, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati a munthu wina. Misozi inayenderera mpaka m'makutu.

"Ine ndimati kusamba kwanga kotsatira ndi kwa pa maliro," anatero. "Ndiye ndimadzifunsa kuti kuno kuchilendo adzandisambitsa ndani."

"Za maliro zisiyeni," anatero amalume. "Mkuja ndibweranso. Panopa imwani phala."

Tinafika pa bwalo la sukulu dzuwa litapendeka. Panali mapepala a masiwiti ndi mbuzi basi. Tinamva kuti dzina lawo linaitanidwa katatu.

A Nabanda anawadikira pakhomo. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Bambo a Esinati, zaka ziwiri takhala tikudikira. Chaka chino tidya ukhondo?"

"Ndalakwa kwa inu, Nabanda. Kwa inu ndalakwa."

"Munthu wake simukumudziwa n'komwe. Akanafa pofika masana?"

"Kaya. Mwina ayi."

"Ndiye?"

Amalume anakhala pa mpando wawo, manja ali pa maondo. A Nabanda analowa m'nyumba, ndipo masiku awiri sanawalankhule. M'mawa wa tsiku lachitatu, amalume akumangirira zigubu pa njinga, mayiwo anatuluka ndi bulangete lakale ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi, n'kuziika pa chishalo.

"Munthu wogona khungu lake limafuna mafuta," anatero akuyang'ana kumbali. "Musaganize kuti nkhani ija yatha."

Sinathedi msanga. Chaka chimenecho chimanga chawo chinali chachikasu, chofika m'chiuno, ngakhale anathira manyowa onse a m'khola. Nkhokwe inatha mvula isanagwe, ndipo ndinawaona anthu awiri okalambawo akupalira m'minda ya eni kuti apeze ufa. Nditawafunsa patapita zaka ngati ankanong'oneza bondo, amalume sananamizire kulimba mtima. Anati mwezi wa njala uja ankalilakalaka thumba la feteleza lija m'mawa uliwonse, ndipo ankachita manyazi kuwayang'ana akazi awo akamapeta gaga. Anathera pomwepo, n'kuyamba nkhani ina.

Kwa a Dinesi anapitabe, pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri. Ulendo wachitatu, mwamuna wa mayi uja anayandikira n'kugwira beseni. Ulendo wotsatira anabwera awiri. Amalume anawaphunzitsa kumutembenuza wodwalayo kuti zilonda zipole, ndi kumupukuta malo ofunika m'masiku amene iwo sankabwera. Atapezako mphamvu anamutengera ku chipatala pa ngolo, ndipo kumeneko anamupatsa mankhwala. Patapita miyezi iwiri kunabwera mphwake kuchokera ku Phalombe kudzamutenga. Ndinamuona pa siteji atakhala pa katundu wake, wowonda koma wometa bwino, kolala ya shati ili chilili. Anagwira dzanja la amalume ndi manja onse awiri osalisiya mpaka basi inaliza hutala. Tinamva kuti anakhalako kwawo mpaka kukolola, n'kumwalira ali pakati pa abale ake. Amalume atamva anavula chipewa, n'kunena kuti bola anakafika kwawo ali munthu.

Titamaliza za chiliza Loweruka lija, anthu atabalalika, ndinapita ndekha ku nyumba yawo. A Nabanda tsopano amakhala kwa Esinati ku Wimbe, ndipo pakhomopo pali loko. Ndinazungulira kuseri, kumene kuli bafa. Mpanda wake wa udzu wapendekera mbali imodzi, chiswe chadya nsichi ziwiri. M'kati muli mwala waukulu wafulati umene ankapondapo, wosalala pakati, ndi msomali pa mtengo pamene ankakoleka thaulo. Kangalande kotulutsa madzi kadzaza mchenga. Kumapeto kwake kuli phata la nthochi limene linkamwa madzi a m'bafamo chaka chonse, lokhalo lobiriwira m'mudzi monse nthawi ya chilimwe. Tsopano masamba ake alendewera, ofiirira, ndipo mkoko umene unayamba kutuluka unauma usanakhwime.

Dothi la pambali pa mwalawo, limene sindinalionepo louma chibadwire changa, lasanduka fumbi. Nkhuku zitatu za a neba zinali zitakumbamo maenje, zitagona chammbali, zikudzithira fumbilo m'mapiko mosatekeseka. Ndinakweza dzanja kuti ndiziingitse, koma ndinalibweza. Ndinaima pakhomo pa bafapo mpaka zinamaliza.